Buku lochepa la pharmacology: lifunseni kuti lataya chiyani

Mayeso a pharmacology, phunziro la mankhwala ndi mmene amagwirira ntchito m'thupi, akatsala masabata asanu ndi limodzi, funso limene limayenda pakamwa pa ophunzira zaudokotala limakhala limodzi: kodi pali buku lalifupi loti munthu n'kulimaliza? Ine wofunsa zimenezi sindimuseka. Buku la Goodman ndi Gilman, lomwe linatuluka koyamba mu 1941 ndipo ndi gogo wa mabuku a phunziroli, lili ndi masamba opitirira 1,000 a timalemba tothinana. Kulinyamula kuchoka pashelefu kukafika patebulo, mkono umakhala utatopa kale. Amene angati aliwerenge lonse, uku pathology ndi microbiology zili pakhomo kumudikira, ndiye kuti kalendala sakuiona.

Choncho ndinene poyera kuti ndili mbali ya buku lochepa. Chimene ndikukana ndi kasankhidwe kake. Ambiri amalitenga m'manja, n'kuyeza kunenepa kwake ndi zala ziwiri, n'kusirira mitundu ya zithunzi, kenako n'kufunsa ngati amene anakhoza chaka chatha ankawerenga lomweli. Zonsezi zimaphonya chinthu chimodzi. Palibe buku limene linabadwa lochepa. Wolemba wake anali ndi mulu womwewo wa nkhani umene uli m'buku lalikulu lija, ndipo kuti lake lichepe anataya zina. Ndiye wataya chiyani? Olemba ena amataya mayina a mankhwala n'kusunga zifukwa. Ena amataya zifukwa n'kusunga mayina, n'kuwandandalika m'matebulo ooneka bwino. Mabuku awiriwa akhoza kufanana masamba, koma lokuolotsani ndi limodzi lokha.

Ine ndinaziphunzira mochititsa manyazi, pa mayeso apakamwa. Kabuku kanga kanali ka mtundu wachiwiriwo, ndipo ndinakaloweza ngati nyimbo. Pa captopril, mankhwala otsitsa BP, kanalemba zinthu zinayi: chifuwa chouma, kutupa kwa milomo ndi lilime, potaziyamu kukwera, osapereka kwa mayi woyembekezera. Amene ankandifunsa, bambo wachikulire wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno, anati, "Wodwala wanu wa BP wabweranso. Akuti chiyambireni mankhwalawa, chifuwa sichikumugonetsa. Mumupatsa chiyani m'malo mwake?"

"Losartan, adokotala," ndinayankha msanga, mtima uli m'malo.

"Mwakhoza. Nanga n'chifukwa chiyani losartan satsokomoletsa?"

Ndinayang'ana kudenga ngati yankho lalembedwa kumeneko. Iwo anangodikira, cholembera akuchizunguza pakati pa zala. Patapita kanthawi anati, "Adokotala athu a mawa, enzyme imene captopril amatseka ili ndi ntchito ziwiri. Inu mwauzidwa imodzi."

Sananame. Enzyme imeneyo, ya ACE, imapanga angiotensin II, amene amakweza BP, koma imaphwanyanso chinthu china chotchedwa bradykinin. Ukaitseka, bradykinin amaunjikana, ndipo ndi iyeyo amene amakanda pakhosi ndi kutupitsa milomo. Losartan enzymeyo saikhudza, amakatseka kutsogolo, pamalo pamene angiotensin II amakamata, n'chifukwa chake chifuwa chimaleka. Koma popeza onse awiri amafooketsa angiotensin II, aldosterone, amene amachititsa impso kutaya potaziyamu, amatsika, potaziyamu amakwera, ndipo impso za mwana amene ali m'mimba zimavulala, kaya mayi wamwa uyu kapena uyo. Ziganizo zochepazi zamanga pamodzi mizere yonse imene ine ndinkailoweza umodziumodzi. Kabuku kanga kanazisiya kuti kapeze malo olembapo mayina ena otha ndi -pril.

Kuchokera tsiku limenelo, buku lochepa lililonse ndimaliyesa mphindi khumi ndisanalikhulupirire. Sindiyambira pa mutu umene sindiudziwa, chifukwa pamenepo buku lililonse limaoneka lanzeru. Ndimatsegula pamene yankho ndikulidziwa kale, n'kuona ngati wolemba wanena chifukwa. Pa propranolol, aliyense amalemba kuti asaperekedwe kwa munthu wa mphumu. Wolemba wabwino amawonjezera theka la chiganizo: kuti propranolol sasankha, amatseka ma receptor (malo amene mankhwala amamatapo) a beta-1 a mumtima pamodzi ndi a beta-2 amene amatsegula njira za mpweya, omwewo amene salbutamol amawadzutsa. Pa digoxin, mankhwala a mtima, onani ngati lanena chifukwa chimene furosemide amamusandutsira chiphe: furosemide amataya potaziyamu mumkodzo, ndipo digoxin ndi potaziyamu amalimbirana malo amodzi pa pampu ya sodium ndi potaziyamu, kotero potaziyamu akachepa digoxin amamata kwambiri. Pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, onani ngati lafotokoza chifukwa chake amatenga masiku asanayambe kugwira ntchito. Iye amangoletsa chiwindi kupanga zoundanitsa magazi zatsopano, II, VII, IX ndi X, pomwe zimene zili kale m'magazi zimapitiriza ntchito mpaka zithe zokha, ndipo prothrombin, amene ndi II uja, amatenga masiku awiri kapena atatu kuti atsike ndi theka. Ukadziwa zimenezi, suchita kuloweza kuti heparin, amene amagwira ntchito msanga, amayambira limodzi naye. Zimangoonekeratu.

Buku likakhoza pa malo atatu ngati amenewa, kawirikawiri limakhala lakhoza ponseponse, chifukwa ndi khalidwe la wolemba. Likalephera pa awiri, libwezereni pashelefu, ngakhale zithunzi zake zikhale zokongola bwanji. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Pali mutu umodzi umene ndimafuna kuuona utapatsidwa malo okwanira ngakhale m'buku lochepetsetsa, ndipo ndi womwewo umene ophunzira amaudumpha chifukwa uli ndi masamu: mmene thupi limalandirira mankhwala, kuwagawa, kuwaphwanya ndi kuwatulutsa. Mabuku ambiri ofulumira amaupanikiza m'masamba awiri a mafomula opanda chitsanzo. Kumeneko ndi kutaya mbewu n'kusunga makoko. Munthu amene wamvetsa half-life, nthawi imene mankhwala amatenga kuti atsike ndi theka m'magazi, amadziwa kuti ukamamwa mankhwala mlingo womwewo, m'magazi amafika 50 peresenti ya pamene adzakhazikike pakatha half-life imodzi, 75 pakatha ziwiri, 87.5 pakatha zitatu, ndipo pakatha zinayi kapena zisanu ndiye kuti afika. Pamenepo digoxin, amene half-life yake ndi pafupifupi tsiku limodzi ndi theka, akuoneka kuti angatenge sabata yathunthu, ndipo chifukwa choyambira ndi mlingo waukulu chamveka popanda wokuuza. Amiodarone, amene half-life yake ndi ya masabata angapo, akuoneka chifukwa chake amapitiriza kuvutitsa wodwala ngakhale atasiya kumwa kalekale. Phenytoin nayenso ali ndi khalidwe lake: ma enzyme omuphwanya amakhuta msanga, kotero kuwonjezera pang'ono chabe mlingo kukhoza kumukweza m'magazi mpaka wodwala kuyamba kudzandira. Opanga mayeso amakonda mafunso amenewa chifukwa sangayankhidwe ndi kuloweza. Buku limene lapereka zitsanzo zowerengetsera, zokhala ndi manambala enieni, lachita ntchito imene matebulo makumi awiri sangaichite.

Nanga buku lichepe potaya chiyani? Mayina. Mankhwala amayenda m'mabanja, ndipo banja lililonse lili ndi mkulu wake. Mudziweni bwino mkuluyo, kenako muphunzire pamene abale ake akusiyana naye. Mukamudziwa propranolol, za atenolol n'zochepa: amakonda beta-1, ndipo amatuluka kudzera mu impso. Mayina enieniwo amathandiza. Bungwe la WHO lakhala likupereka mayina a mankhwala ogwiritsidwa ntchito padziko lonse kuyambira mu 1953, ndipo limasamala kuti apabanja limodzi azimveka mofanana: -olol, -pril, -sartan, -prazole, -cillin, -mab. Mukakumana ndi dzina lachilendo pa pepala la mayeso, mchira wake umakuuzani kwawo. Buku lochepa labwino limadalira zimenezi, silitaya tsamba lonse kutchula ma beta blocker khumi ndi awiri ngati likuitana mayina m'kalasi. Ndipotu mndandanda woyamba wa WHO wa mankhwala ofunikira kwambiri, wa mu 1977, unali ndi mankhwala pafupifupi 200 okha. Wakula kuchokera nthawi imeneyo, pakuti amauunikanso zaka ziwiri zilizonse, koma ganizo lake silinasinthe: ochepa odziwidwa bwino. Mu 1994 bungwe lomweli linatulutsa kabuku kophunzitsa ophunzira zaudokotala kulemba mankhwala, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti dokotala aliyense akhale ndi kagulu kake ka mankhwala amene amawadziwa kunja ndi mkati.

Tsopano za chaka. Pafupifupi kalasi iliyonse ili ndi buku lake la cholowa, lija limayenda pa foni kuchoka kwa a chaka chachinayi kupita kwa a chaka chachitatu, tsamba loyamba litasowa kotero palibe akudziwa kuti linasindikizidwa liti. Anatomy ikhoza kupirira zimenezi, pakuti mafupa sanasinthe. Pharmacology imakalamba msanga. Njira yodziwira msinkhu wa buku ndi yosavuta: pitani ku kalozera wa kumapeto. Ngati ranitidine akumutchula ngati mankhwala a tsiku ndi tsiku a zilonda zam'mimba, popanda mawu oti anachotsedwa pamsika m'maiko ambiri mu 2020 atapezeka ndi NDMA, chinthu chimene chikhoza kuyambitsa khansa, bukulo latsalira. Ngati likugawabe mankhwala a amayi oyembekezera ndi zilembo A, B, C, D ndi X, dziwani kuti FDA, bungwe loona za mankhwala ku America limene linayambitsa zilembozo, linayamba kuzisiya mu 2015. Ngati pa HIV likuika efavirenz patsogolo, kumbukirani kuti kuyambira mu 2019 WHO imaika patsogolo dolutegravir. Ngati dapagliflozin ali pa mutu wa shuga wokha, bukulo silinamve za kafukufuku wa mu 2019 amene anaonetsa kuti amathandizanso mtima wofooka, ngakhale kwa anthu opanda shuga. Chaka chomwecho a GINA, amene amalemba malangizo a mphumu, anasiya kuvomereza kuti wamkulu kapena wachinyamata azidalira salbutamol yekha popanda steroid wopumira. Ndipo buku limene likuti quinine ndiye woyamba pa malungo aakulu linalembedwa kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010 asanatsimikizire kuti artesunate amapulumutsa ana ambiri kuposa quinine.

Sindikunena kuti buku lakale muliponye pamoto. Mitu yoyambirira, ya ma receptor ndi half-life, sikalamba. Chimene chimakalamba ndi yankho la funso lakuti "mupereka chiyani choyamba?", ndipo mwatsoka limenelo ndi funso limene mayeso amalikonda kwambiri.

China chimene ophunzira amachizindikira mochedwa n'chakuti buku lililonse lochepa linalembedwera mayeso enaake, ndipo mwina si anuwo. Mabuku ambiri otchuka analembedwera USMLE, mayeso a udokotala a ku America. Ndi abwino pa kagwiridwe ka ntchito ka mankhwala, koma amalankhula chinenero chawo: acetaminophen m'malo mwa paracetamol, albuterol m'malo mwa salbutamol, meperidine m'malo mwa pethidine, glyburide m'malo mwa glibenclamide, epinephrine m'malo mwa adrenaline. Shuga amamuyeza mu mg/dL, kotero 126 wawo ndi 7 wa amene amayeza mu mmol/L. Ndinaonapo mnzanga akufufuza pethidine m'kalozera kwa mphindi zingapo, n'kumaliza ndi kunena kuti bukulo lilibe mankhwalawo, pomwe anali pa tsamba lomwe anali atalipinda yekha dzulo lake. Ku Britain nako kuli mayeso a kalembedwe ka mankhwala amene wophunzira amaloledwa kutsegula BNF, buku lawo la malangizo a mankhwala, ali m'chipinda cha mayeso, ndipo buku lokonzekeretsa mayeso otero limalimbikira luso lofufuza ndi kuwerengetsera kuposa kuloweza. Ndiye musanasankhe, ikani patebulo silabasi yanu ndi mapepala a mayeso a zaka zitatu zapitazo. Tengani mafunso khumi mwachisawawa, muone angati amene bukulo likuwayankha. Ntchito imeneyi ndi ya ola limodzi, ndipo imanena zoona kuposa mnzanu amene anakhoza chaka chatha, amene mwina anakhoza chifukwa cha manotsi a m'kalasi ndipo bukulo ankangoliyenda nalo m'chikwama.

Pomwepa pali nkhani ya milingo. Mabuku ofupika ambiri saika milingo ya mankhwala, ndipo pa mankhwala ambiri akulondola, chifukwa mlingo umaonedwa m'buku la malangizo pa nthawi yolemba. Koma ilipo ingapo imene munthu sangakaifufuze wodwala akubanika pamaso pake. Adrenaline pa anaphylaxis, pamene thupi lawengana koopsa ndi chinthu china mpaka munthu kubanika, kwa munthu wamkulu, ndi 0.5 mg wobaya mumnofu wa ntchafu, kuchokera mu yosungunula ya 1 mg pa 1 ml. Mtima ukaima ndi 1 mg wa mumtsempha, wosungunulidwa mu 10 ml. Kusokoneza ziwirizi kukhoza kupha. Ngati buku lanu lilibe milingo yotereyi, si chifukwa cholikanira, koma muilembe nokha m'mphepete mwa tsamba kuchokera m'malangizo a chithandizo a dziko limene mukuphunziramo, pakuti okufunsani pa mayeso apakamwa ndi omwewo amene amagwiritsa ntchito malangizowo m'mawodi.

Ndimakondanso buku lokhala ndi mafunso kumapeto kwa mutu uliwonse, makamaka limene limafotokoza chifukwa chimene mayankho olakwikawo alili olakwika. Pano sindikungonena zokonda zanga. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira ndime zoti awerenge. Ena anaziwerenga mobwerezabwereza, ena anayesedwa kuti akumbukire zimene awerenga. Patatha mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja anali patsogolo. Patatha sabata, oyesedwa aja ndiwo anakumbukira zambiri. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira khumi zowerengera, ndipo zimene zinapambana ndi kudziyesa ndi mafunso komanso kuwerenga motalikitsa masiku. Kuwerenga mobwereza ndi kupaka mizere ndi cholembera chowala zinali m'gulu la zopindulitsa pang'ono. Aliyense amene anaonapo buku la wophunzira zaudokotala, lachikasu kuyambira pamwamba mpaka pansi ngati lagwera mu utoto, akudziwa kuti uthengawu sunafike. Phindu lenileni la buku lochepa lili pamenepa: mumalimaliza msanga, n'kutsala ndi masabata oti mulitseke ndi kudzifunsa.

Za timawu tothandiza kukumbukira, tija timatenga chilembo choyamba cha dzina lililonse, ndingonena mwachidule. N'tothandiza pa mndandanda umene ulibe chifukwa chomveka. Buku limene lamangidwa pa timeneti tokhatokha limakusiya uli m'chipinda cha mayeso ukukumbukira mawuwo bwinobwino, koma osadziwa ngati P uja anali phenytoin, phenobarbital kapena propranolol.

Alipo aphunzitsi, ndipo ena ndimawalemekeza kwambiri, amene amati mabuku ofupika ndiwo akutulutsa madokotala osaya, odziwa yankho koma osadziwa chochita wodwala akabwera ndi matenda atatu nthawi imodzi. Pa mabuku a matebulo aja akunena zoona, ndipo nkhani yanga ya captopril ndi umboni wawo. Pamene ndimasiyana nawo ndi pa njira yothetsera vutoli. Kuuza wophunzira wa maphunziro asanu kuti awerenge buku lalikulu lokhalokha sikumupanga kukhala wozama. Amawerenga mitu isanu ndi umodzi yoyambirira mosamala, nthawi n'kumuthera, ndipo maantibayotiki ndi mankhwala a khunyu amakawaonera pa manotsi a mnzake usiku woti mawa ndi mayeso. Buku lalikulu ndi lofunsako. Lochepa likanena chinthu chimene sichikumveka, mumapita ku lalikulu, n'kuwerenga masamba atatu, n'kubwerera ndi chiganizo chimodzi cholemba m'mphepete.

Alipo enanso, awa ndi ophunzira, amene amati tikhoze kaye, kumvetsa tidzakuonera ku wodi. Awa ndimawayankha ndi masamu awo omwe: zifukwa n'zochepa kuziloweza kuposa mindandanda. Tengani rifampicin, mankhwala a TB. Buku la matebulo limamulemba malo anayi osiyana: pa warfarin, pa mapiritsi olera, pa dolutegravir, pa mankhwala ena a khunyu, ndipo paliponse mumaloweza mwatsopano. Buku la zifukwa limanena kamodzi kuti rifampicin amachulukitsa ma enzyme a m'chiwindi ophwanya mankhwala, kotero anzake amatha msanga m'magazi. Warfarin amafooka, mayi wa mapiritsi akhoza kuima, ndipo dolutegravir wa 50 mg amayenera kumwedwa kawiri pa tsiku m'malo mwa kamodzi. Mukatembenuza ganizo lomwelo mumapeza clarithromycin, amene amatseka CYP3A4, imodzi mwa ma enzyme amenewo, n'kuchititsa simvastatin kuunjikana mpaka kuwononga minofu. Waulesi weniweni, wofuna kuloweza zochepa, akanayenera kukhala woyamba kufuna buku la zifukwa.

Mukalipeza, likhale limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo m'masabata omaliza chiyeso chimakula: mnzanu wabwera ndi lina la zithunzi, wina watumiza makadi a mafunso a pa foni otchedwa Anki zikwizikwi amene anapanga munthu wa sukulu ina, wina akuti mavidiyo ndiwo akuthandiza. Aliyense wa amenewa amasanja mankhwala mwanjira yake, ndipo mutu umataya nthawi kugwirizanitsa masanjidwewo m'malo mosunga nkhani. Kukumbukira kumagwiranso malo: kuti gentamicin anali pansi kumanzere, moyang'anana ndi chithunzi cha khutu ndi impso. Mukasintha buku sabata yachinayi, zimenezo mwataya.

Nditalephera funso la losartan lija, ndinabwereka mabuku atatu ochepa ku laibulale n'kuwatsegula onse pa ACE. Awiri anali ndi tebulo lofanana ndi la kabuku kanga. Lachitatu, lopanda mitundu, la chikuto chong'ambika pakona, linali ndi kachithunzi ka mivi iwiri yochoka pa enzyme imodzi, wina wopita ku angiotensin II, wina ku bradykinin. Ndinatenga limenelo. Pofika mayeso obwereza linali litanenepa ndi timapepala tomata, milingo ya adrenaline ili mkati mwa chikuto, ndipo pa tsamba la rifampicin ndinali nditalemba ndi pensulo mayina a mankhwala asanu ndi awiri amene iye amawathamangitsa m'magazi.